Tsamba Limene Hamudi Anamwa

Hamudi ankagulitsa nsapato za kaunjika ku Bangwe, chonsecho zake zomwe zinali zobooka kunsi. Anzake amene anakula nawo anali atagula maminibasi, ndipo akamuimbira hutala pamsewu, mtima unkamuwawa ngati wathiridwa tsabola.

Chamtengo pakhomo pawo chinali chimodzi chokha: buku la mankhwala limene agogo ake, malemu Shehe Abdula, analemba ndi dzanja m'Chiarabu, losasindikizidwa kwina kulikonse. Mchemwali wake Zubeda ankalisunga m'sutikesi, kudikira munthu wophunzira woti adzalikopere.

Umphawi utamukwana, Hamudi anapita kwa sing'anga wina ku Machinjiri. Asanakhale n'komwe pansi, mkuluyo anafunsa, "Chitabu cha agogo anu chija mwachisiya kuti?"

Hamudi anachita nthumanzi. Za bukulo anali asanauzepo munthu.

"Mbuzi sindifuna," anatero sing'angayo. "Lachisanu lililonse, anzanu akamapita kumzikiti kukapemphera Juma, inu muzing'amba tsamba limodzi, kutsukira inki yake m'mbale, n'kumwa. Muyambire koyambirira. Lomaliza lokha musalikhudze."

"Muli chiyani m'lomalizalo?"

"Mwabwera kudzalemera kapena kudzafunsa mafunso?"

Hamudi anayamba kuchita zimenezo mobisa, ndipo chuma chinabwera mothamanga. Chaka chisanathe Hamudi anali ndi shopu ku Limbe ndi maminibasi atatu. Koma mayina anayamba kumuthawa. Anaiwala la dalaivala wake, anthu n'kumangoti ndi matama a olemera. Kenako tsiku lina anayang'ana mkazi wake nthawi yaitali, n'kumuitana kuti "mayi inu".

Zubeda sankakhulupirira chuma chopanda thukuta. Anatsegula sutikesi, n'kupeza buku laonda ngati ladwala. Anapita nalo kushopu konko.

"Achimwene, musandinamize. Mwakhala mukung'amba mbali iti?"

"Koyambirira, ngati mmene anandiuzira," anatero Hamudi, akuloza mbali imene ankatsegulira mabuku kusukulu.

Zubeda anagwira kumutu. "Mayo ine! Kumadrasa munkathawa kuja, lero ndi izi. Chiarabu chimayambira kumanja! Kumene mwayambira inuku ndi kumapeto. Patsamba lomalizalo ndi pamene agogo analemba mayina athu tonse, ndi duwa, pemphero lotiteteza."

Tsambalo Hamudi anali atalimwa Lachisanu loyamba lomwe lija.

Hamudi anathamangira ku Machinjiri. Sing'anga uja anamulandira akumwetulira, ngati munthu amene wakhala akumudikira.

"Ine ndinati musalikhudze. Kusadziwa kuwerenga chitabu cha kwanu ndi mlandu wanga? Tandiuzani, dzina lanu ndani?"

Nalonso dzina lake linali litamuthawa Hamudi.

Maminibasi anathera m'manja mwa madalaivala, poti mwini wake sankawazindikiranso. Lero Hamudi amangoyendayenda mumsika wa Limbe, kukoka anthu malaya kuti amuuze dzina lake. Akamuuza, amaseka, n'kukafunsa wina. Zubeda anatsala ndi theka la buku, ndipo mankhwala ambiri a agogo anapita osabwereranso.

Dyera silifunsa kuti chinthu chimayambira kuti. Wofuna kulemera lero lomwe amameza ngakhale chimene chinkamusunga.