Bakso Wosaola wa Tumirah

Tumirah ankagulitsa bakso, timipira ta nyama todyera mumsuzi, pamsika wathu, kunja pang'ono kwa tauni ya Klaten, ndipo kwa zaka khumi ndi ziwiri sanasinthepo ngakhale benchi la makasitomala. Timipira take ta nyama yogaya tinkatsala tsiku lililonse. Ndi kutentha kwa kuno, pofika m'mawa totsalato tinkakhala titayamba kuterera ndi kununkha, ndiye ankangotayira amphaka. Mwamuna wake Sarmidi anali wakabaza, munthu wofatsa woti ukamuponda phazi wopepesa amakhala iyeyo.

Umphawi wokhawo Tumirah akanaupirira. Chomwe chinkamudya mumtima chinali mng'ono wake Warsiti, yemwe ankagulitsanso bakso tsidya lina la kanjira, moyang'anizana naye. Kwa Warsiti anthu ankachita kudyera choimirira. Iye ankalawirira kukasankha yekha nyama, mafupa n'kuwawiritsa mpaka msuzi kununkhira msika wonse, ndipo dzuwa likafika paliwombo mphika unkakhala utauma. Tumirah ankangoyang'ana, chipande chili m'manja.

Tsiku lina Warsiti anawoloka kanjirako atavala chibangili chagolide, n'kuitana mkulu wake kuti Yu, monga timaitanira achemwali kuno.

"Yu Tum, taonani zomwe andigulira bambo a kunyumba!"

"Chakukhala. Koma usamale chingagwere mumsuzi, anthu ako aja angachimeze. Pajatu kwako amadya chilichonse."

Warsiti anaseka, osadziwa kuti mkulu wakeyo sankanena nthabwala.

Lachinayi lotsatira Tumirah sanatsegule malonda. Anakwera minibasi mpaka pothera msewu, m'munsi mwa phiri la Merapi, kwa Mbah Kasrun, kapena kuti Agogo Kasrun, sing'anga yemwe amalonda ankamutchula monong'ona. Anamupeza pakhonde akudyetsa njiwa zake.

"Ukufuna kulemera, kapena ukufuna wina asauke?" nkhalambayo inafunsa isanamuyang'ane n'komwe.

"Ndikufuna kulemera, Mbah."

"Usanamize munthu wamkulu."

Tumirah anazolika. "Zonse ziwiri."

Mbah Kasrun analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kathumba ka ufa woyera komanso botolo la madzi ooneka ngati akumwa. Anazilankhulira motsitsa mawu, n'kuziuzira mpweya katatu. Atatsegula botololo, Tumirah maso anamuwawa mpaka misozi kutuluka.

"Ufawu kasupuni kamodzi pokanda nyama. Madziwa timadontho chabe. Bakso wako sadzaolanso, ndipo adzakhala wolimba bwino pomuluma, ngakhale uchepetse nyama n'kuchulutsa ufa wa chinangwa."

"Ndipereke chiyani, Mbah?"

"Ine nkhuku yakuda basi, nthawi iliyonse ukamadzatenga zina. Wofuna zambiri si ine. Chakudya chinalengedwa kuti chiziola, mwana wanga. Chikakana kuola, pamafunika wina woti aziola m'malo mwake. Mbale yoyamba ya tsiku lililonse azidya munthu wako weniweni, wa m'nyumba mwako kapena wa magazi amodzi. Azimaliza ndi msuzi womwe. Ukadzadumphitsa tsiku, makasitomala adzabwerera komwe anachokera."

"Munthuyo adzafa?"

"Ine ndatchula imfa? Ndati azidya."

Tumirah anaganizira anthu aja akuwolokanso kanjira kubwerera kwa Warsiti, ndipo anatambasula manja n'kulandira.

M'mawa mwake anaikira Sarmidi mbale yotentha asanapite kukabaza.

"Zaka zonsezi ndimadya zotsala, Bu. Lero kwagwanji?" anafunsa mosangalala, akumutchula Bu monga timaitanira amayi kuno, ndipo anamwa msuzi wonse.

Pasanathe miyezi iwiri msika unatembenuka. Bakso wa Tumirah anali woyera, wamkulu, wotchipa, ndipo ankakhala masiku anayi osasintha fungo. Anawonjezera mabenchi, anagula njinga yamoto, anavala zibangili zitatu dzanja limodzi. Kwa Warsiti kunatsala nkhalamba zochepa zomwe zinazolowera msuzi wake. Komabe Warsitiyo ankaseka nazo nkhalambazo monga kale, ndipo kusekako Tumirah kunkamupweteka kuposa umphawi uja.

"Yu, bwanji ntchentche sizitera pa bakso wanu?" Warsiti anafunsa tsiku lina. "Ngakhale amphaka akungonunkhiza n'kudutsa."

"Ukhondo, Dik, mng'ono wanga. Ukayesekonso kwako."

Chaka chisanathe Sarmidi anayamba kudandaula m'mimba. Kenako nseru, kenako mapazi kutupa mpaka nsapato kukana. Anasiya kabaza. Kuchipatala anati impso zake zafooka, ndipo dokotala anafunsa Tumirah ngati pali chachilendo chomwe mwamuna wakeyo amadya kawirikawiri.

"Palibe, adokotala. Zakudya za masiku onse."

Tumirah anathamangira kuphiri, nkhuku yakuda ili kukhwapa.

"Mbah, mwamuna wanga akutha. Masulani zimenezi."

"Siya kuthira, basi. Ubwerere kotayira amphaka, mng'ono wako azikupatsa moni atavala golide."

Tumirah anaika nkhuku ija pansi.

"Nanga wodyayo sangasinthe?"

Nkhalambayo inamwetulira. "Ndimadziwa kuti ufunsa. Uli ndi ndaninso?"

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse Tumirah ankawoloka kanjira ndi mbale yovundikira.

"Dik, takhala tikuyang'anana ngati adani. Uzidya kwa mkulu wako."

Warsiti analengeza misozi, ndipo analandira ndi manja awiri. Tumirah anayamba kumuyang'anitsitsa tsiku ndi tsiku, kudikira kuti nkhope ija ifote, mapazi aja atupe. Koma Warsiti ankangonenepa. Wofooka anali Sarmidi, yemwe ankagona yekha kunyumba mkazi wake ali kalikiliki ndi makasitomala. Patatha miyezi inayi anamwalira.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, amayi ali kukhitchini kulongedza chakudya cha anthu obwera kumapemphero a maliro, Warsiti anagwira Tumirah paphewa.

"Yu, mtima ukhale pansi, alamu anapita akudziwa kuti mumawakonda. Mbale ija munkandipatsa, ine sindinkadya. Poti kwanga anthu anachepa, ndinkatseka msanga n'kukawaona, ndiye ndinkawatengera. Zakudya zina zonse ankakana, koma akamva kuti ndi bakso wa akazi awo, ankadzikakamiza mpaka kumaliza ndi msuzi womwe."

Tumirah anagwetsa mpunga womwe unali m'manja mwake. Amayi ena anati ndi chisoni.

Tumirah anatsegulabe malonda sabata yotsatira, koma manja ankangogwira okha, maso ali kwina. Chakumapeto kwa mwezi wosala kudya, a zaumoyo anabwera kudzayeza zakudya zapamsika. Mayi wina wovala yunifolomu ananyenya bakso wa Tumirah n'kuviikamo kapepala kachikasu, ndipo kanasanduka kofiira anthu akuona. Pansi pa tebulo anapeza kathumba ndi botolo.

"Bu, mukudziwa kuti izi n'chiyani?"

"Ndi mankhwala a malonda. Anandipatsa a sing'anga."

"Ufawu ndi boraksi, wowotcherera zitsulo ndi kuphera tizilombo. Madziwa ndi fomalini, wosungira mitembo. Amagulitsa m'masitolo a mankhwala a m'mafakitale, ndipo n'zoletsedwa m'chakudya. Munthu akamadya zimenezi kawirikawiri zingamuwononge m'mimba, impso ndi chiwindi. Mwadyetsa anthu angati?"

Pamenepo Tumirah anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi m'matope, akutchula mayina a makasitomala ake mmodzimmodzi, amayi, aphunzitsi, ana a sukulu. Warsiti ataimirira pakati pa anthuwo anakumbukira mbale ya m'mawa uliwonse ija, ndipo anazindikira kuti inkayenera kupha iyeyo. Anabwerera pamalo pake.

Mlandu sunapite patali, chifukwa mutu wa Tumirah sunabwererenso. Apolisi atakwera kuphiri anapeza nyumba ya Mbah Kasrun yokhoma. Masiku ano Tumirah amayendayenda pamsika wathu opanda nsapato, ndipo akaona munthu akukweza supuni amathamanga n'kumugwetsera mbale, akukuwa ndi mawu omwe ankaitanira mwamuna wake kuti, "Musadye, Pak! Musamalize!" Amene amamusambitsa ndi kumuphikira ndi Warsiti, koma chilichonse chochokera m'manja mwa mng'ono wakeyo Tumirah amachikana, poopa kuti akumubwezera.

Dyera ndi nsanje zimamuuza munthu kuti wovulala adzakhala wina, wakutali kapena womuda. Ndi bodza. Wofuna chuma mwachidule amayamba ndi kupha amene amamukhulupirira, poti ndi okhawo amadya zomwe wawapatsa osafunsa.