Sitima ya pa Damu la ku Tengwe

Izi si zongomva. Anaziona Lemani Bauleni ndi mlongo wake Dorika, ndipo Dorikayo ndi mayi wa Mvano, bodza amadana nalo.

Lemani anabwerera ku Tengwe atachita imvi ku Joni, atanyamula simenti yomangira chiliza cha amayi ake. Pa maliro awo sanakhalepo. Anapeza pulazi limene anabadwira litagawidwa, komboni itasanduka munda wa fodya, manda a antchito ochokera ku Malawi atamira pamene anakweza khoma la damu. Amoyo analibe mudzi, ndiye akufa akanadandaula kwa yani?

Chotsala chinali sitima yokha, itatitimira m'matope. Inali yaing'ono, yamatabwa. Pa nkhondo ya azungu inkasesa mabomba obisika m'nyanja, kuyenda pang'onopang'ono mizeremizere. Nkhondo itatha inkanyamula nsomba ku Beira, kenaka mwini pulazi anaigula, n'kuibweretsa pa lole kuti aziwedzera ndi anzake. Tsopano injini anaizula kalekale, munkaikira nkhuku.

"Amayi ali pati?" anafunsa Lemani.

Dorika, amene ankamutchula kuti mukoma monga a kumeneko amatchulira achimwene, analoza madzi onsewo ndi mlomo. "Mukadabwera nthawi yake, mukoma, simukadafunsa."

Anakhala pa khomalo mpaka dzuwa kulowa. Achule anayamba kulira, kenaka onse pamodzi anangoti zii. Kunamveka fungo la dizilo ndi mchere, mchere kuno kopanda nyanja. Matabwa analira. Sitima inatsetsereka kuchoka m'matope.

Munalibe munthu. Mphepo kunalibe. Inapita tsidya, inakhota, inabwerera. Mzere. Mzere wina.

"Ikufunafuna," ananong'ona Lemani.

"Khalani chete."

Inaima pafupi ndi mitengo youma. Madzi anachita thovu pang'ono, ngati wina akupuma pansi. Lemani anagwada.

"Amayi, ndine. Ndachedwa."

Sitima inasuntha. Inaima patsogolo, thovu linatuluka. Inaimanso. Inaimanso kwina, mpaka mdima unaimeza.

"Dorika, amayi athu ndi ati? Oyamba aja?"

Dorika anamugwira dzanja, misozi ili mbwe. "Powaika ndinalipo, mukoma. Dothi ndinaponya ndi dzanja ili. Koma nanenso sindidziwa."

M'mawa anaipeza sitimayo m'matope mwake, kumimba kwake kuli dothi lofiira, laliwisi, ngati lokumbidwa kumene. Lemani ku Joni sanabwererenso. Madzulo aliwonse amakhala pa khoma paja. Sitimayo sinayendenso.