Msana wa Anti

Anesi anadikira mwana zaka zambiri. Anthu atatopa n'kufunsa, kunabadwa kamtsikana, ndipo m'nyumba mwawo munalowa kuseka. Amuna awo, mphunzitsi wofatsa, ankathamanga poweruka kuti akangoona kamwanako kakuyasamula.

Tchuthi cha uchembere chitatha, Anesi anayenera kubwerera kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Atsikana antchito sanawafune. Anasankha mayi wamasiye, wosayankhulayankhula, amene ana ake onse anamwalira ali makanda. Pakhomopo ankangomutchula kuti Anti.

Anamuphunzitsa zonse mosasiya kanthu: kuwiritsa mabotolo, kuyesa madzi osamba ndi chigongono, kusita matewera mbali zonse, kusisita mwana pamsana akamaliza kumwa mkaka. Anamuuzanso kuti mwana akagona sadzutsidwa, kaya kwabwera ndani. Anti sankafuna kuuzidwa kawiri. Posakhalitsa nyumba inkawala, mwana ananenepa, ndipo Anesi ankadzitama kuntchito kuti wantchito wabwino sachita kutola, umachita kumuumba wekha.

Koma mwana sadziwa za malipiro. Amadziwa msana umene wamubereka.

Kamtsikana katayamba kuyenda, kakagwa kankadutsa mayi ake n'kukakumbatira miyendo ya Anti. Kakadwala kankakana mankhwala m'manja mwa Anesi, amene tsiku lonse ankamwetsa ana a eni popanda vuto. Tsiku lina mayi a pagolosale anawaseka powapatsa sopo, amvekere mlendo angaganize kuti wobala ndi Anti, ndipo Anesi ndi azakhali ongobwera kudzacheza. Anesi anaseka nawo. Atafika kunyumba anapeza mwana akuitana Anti kuti amama.

Kuyambira pamenepo chilichonse cha Anti chinaipa. Madzi atentha, tewera lanyowa, mbale sizinayere. Anti ankangoti pepani mayi, n'kubwereza ntchito imene inalibe cholakwa. Anesi ankadziwa kuti akunama, koma sankatha kusiya. Pamapeto pake anamuuza kuti alongedze.

Aphunzitsi anafunsa chimene Anti walakwa.

"Wandibera mwana," anatero Anesi. "Ndinamulemba kuti azichapa, osati azikhala mayi."

"Suja munamuphunzitsa ndinu kumukonda?"

"Ndiye mukwatireni, poti mukumuikira kumbuyo."

Anti anachoka mwana ali mtulo. Kamtsikana kanasiya kudya. Kankakhala pakhomo katayang'ana kugeti, osalira, osasewera. Mtsikana amene analowa m'malo mwa Anti sankadziwa chochita. Kenaka, patapita milungu, mwana anayambanso kudya ndi kuseka. Anesi anati si izo, waiwala.

Anali mayi a pagolosale omwewo amene anawatsegula m'maso. Anati masana aliwonse Anesi akakhala kuntchito, aphunzitsi amadutsa atanyamula mwana, kulowera kuseri kwa msika kumene Anti anapeza kachipinda ka lendi. Anawonjezera kuti iwo sakunena kanthu, koma mwamuna sapita kwa mkazi wamasiye kukaona khoma.

Nsanje siifunsa mafunso. Ikamva mbali imodzi, mlandu watha.

Mawa lake Anesi anatsanzika kuntchito kuti mutu ukuwapweteka. Anayenda mu yunifolomu yawo mpaka kuseri kwa msika, osamva dzuwa, osamva moni wa anthu. Chitseko chinali chotsegula. Aphunzitsi anakhala pampando pafupi ndi khomo akuchonga makope a ana asukulu. Anti anali ataimirira patebulo akusita zovala za anthu ndi simbi yamakala, ntchito imene tsopano inkamudyetsa. Kumsana kwake kamtsikana kanali mtulo, tsaya litatsamira paphewa.

Panalibe chigololo m'chipindamo. Anesi anaona zimenezo bwinobwino, ndipo zinawapweteka kuposa chigololo.

Aphunzitsi anaimirira, nayamba kufotokoza kuti mwana akanafa ndi njala. Anesi sanawayang'ane. Anauza Anti kuti amasule nsalu imene anaberekera mwana.

"Mayi, angogona kumene," anatero Anti motsitsa mawu. "Khalani pansi pang'ono, adzuke yekha."

Anesi anakoka mwana. Kamtsikana kanadzidzimuka, kanaona nkhope ya mayi ake, n'kukuwa kakutambasulira manja kwa Anti. Anesi anakapereka kwa bambo ake. Ananyamula simbi ija patebulo. Anamenya nayo Anti kamodzi kokha, pambali pa mutu. Makala anamwazikira pansi.

Pambuyo pake anagwada, anamugwira Anti pamkono kumvetsera mtima, anang'amba malaya a munthu wina n'kumanga balalo mwaluso, monga ankachitira tsiku ndi tsiku. Anti anamwalira mawa lake m'chipatala chimene Anesi ankagwiramo ntchito.

M'khoti anavomera zonse. Loya anapempha chifundo, anati mayiyu sanalakwirepo munthu ndipo ali ndi mwana wamng'ono. Woweruza anati womwalirayo nayenso sanalakwire munthu, anangogwira bwino ntchito imene anapatsidwa. Anatchula zaka. Anesi sanazimve, anachita kufunsa wapolisi ali m'galimoto.

Aphunzitsi amabwera kundende mwa apo ndi apo, okha. Amanena za denga lodontha ndi za mayeso a ana asukulu. Ulendo wina Anesi analimba mtima n'kufunsa ngati mwana amawafunsa.

"Safunsa aliyense," anayankha aphunzitsi. "Amangokhala."

Anesi anagwedeza mutu, nabwerera m'chipinda chawo belu lothetsa nthawi yocheza lisanalire. Sanalire. Anakhala pamphasa atatsamira khoma mpaka anzawo anabwera.

Mwana uja anali ndi anthu awiri omukonda, ndipo mtima wake ukanawakwana onse. Mayi ake anafuna kuti akhale okha. Lero akukula wopanda ngakhale mmodzi.