Edith Waponya Nsapato

Edith ankafuna kuberekedwa.
Koma kumsana kwa amayi kunali Kondwani.
Kondwani anali mlongo wake wakhanda.

Onse atatu ankachokera ku sikelo ku Mitundu.
Anali atadzuka m'mamawa.
Anaima pamzere nthawi yaitali.
Tsopano dzuwa linali paliwombo, ndipo kwawo kunali kutali.

"Amayi, ndiberekeni," anatero Edith.
"Msana ndi umodzi, mwanangu. Tiye."

Anayenda. Anayendabe.

"Amayi, ndiberekeni!"
"Tiye, Edith."

Edith anamva moto pachifuwa.
Anavula nsapato imodzi.
Anaiponya m'munda wa fodya.
Kenako anakhala pansi pakati pa njira.

"Sindipita!" anakuwa. "Kondwani sindimufuna!"
Kondwani anadzidzimuka. Nayenso anayamba kulira.

Amayi anafuna kukalipa.
Koma anangopumira m'mwamba.
Anakhala pansi pamthunzi wa mango.

"Inenso ndatopa," anatero amayi. "Miyendo ikundiwawa."

Edith anasiya kukuwa.
Sankadziwa kuti amayinso amatopa.

"Bwera pano," anatero amayi. "Wakwiya kapena watopa?"
"Zonse," anayankha Edith, misozi ili chuchuchu.
"Tiye tipume limodzi. Kokera mpweya m'kati. Tsopano uutulutse pang'onopang'ono, ngati ukuuzira phala lotentha."

Anauzira kamodzi.
Anauzira kawiri.
Anauzira katatu.
Moto wa pachifuwa uja unayamba kuzima.

"Ukatopa, uzinena ndi pakamwa," anatero amayi. "Uziti, ndatopa, tipumeko. Nanga nsapato yalakwa chiyani?"

Edith anaseka pang'ono.
Analowa m'munda muja.
Anatola nsapato yake, naivala.
Kenako anagwira kaphazi ka Kondwani.
"Pepa, Kondwani. Ndimakufuna."

Anamwa madzi a m'botolo.
Anayambanso ulendo.

Atafika pamjigo, miyendo ya Edith inalemeranso.
Moto uja unkafuna kuyakanso.
Edith anauzira kamodzi.
"Amayi, ndatopa. Tipumeko."
"Wanena bwino, mwanangu. Tipume."

Anapuma. Anayenda.
Anapumanso. Anayendanso.
Pang'onopang'ono, anafika kwawo.

Amayi anayala mphasa pakhonde.
"Tingokhala pang'ono chabe," anatero.

Madzulo, bambo anabwera kuchokera ku Nathenje.
Anawapeza onse atatu ali m'tulo.
Amayi pakati, Edith uku, Kondwani uku.

Bambo anamwetulira.
Anatsamiritsa njinga yawo mwakachetechete.
Anaingitsa nkhuku kuti zisawadzutse.
Kenako nawonso anakhala pansi, m'mphepete mwa mphasa.