Kugogoda Pansi pa Phazi la Selestina

Tsiku limene galimoto ya Selestina inafika pa Ntcheu, amayi ogulitsa nawo mbatatesi pamsika anasiya mabeseni awo n'kukaiimbira nthungululu. Inali yofiira, ya zitseko zinayi, yoyendapo kale koma yowala ngati yatsopano. Zaka zisanu ndi ziwiri mayiyu anali akupikula mbatatesi kumapiri n'kumagulitsa kwa madalaivala a malole, ndipo thukuta lakelo tsopano linali litaima pa matayala anayi. Mlongo wake wogwira ntchito ku Joni ndiye anamusankhira, n'kuiyendetsa yekha mpaka kudzaisiya pakhomo. Kuyendetsa Selestina ankadziwa kale. Anaphunzirira pa chipikapu cha amuna ake, chimene buleki yake unkachita kuipopa katatu isanagwire.

Ulendo woyamba wautali unadza Lachisanu lina mu Julayi. Mawa lake kunali chinkhoswe cha Thokozile, mwana wa mng'ono wake, kumudzi kwawo cha ku Kasinje. Kutsogolo anakweza amalume ake a Yoramu, amene anali ankhoswe a kuchikazi, munthu woti popanda iwo mwambo sukanayamba. Kumbuyo kunakhala Christobel, mnzake wa kukwaya. M'buti anadzazamo kabichi, shuga ndi zitenje za yunifolomu.

Ananyamuka dzuwa litapendeka kale, chifukwa amalume anakana kukwera jekete lawo lisanasitidwe. Koma ndani ankadandaula? Christobel anayambitsa nyimbo asanatuluke n'komwe m'tauni. Selestina ankaliza hutala kwa aliyense womudziwa, ngakhale kwa osamudziwa. A Yoramu ankangosisita mpando.

"Galimoto iyi siyenda, imauluka," anatero. "Ngakhale khofi ungamwere momwemuno osatayika."

Atasiya tala, kunayamba mawawa. Msewu wafumbi unanyowa pamwamba pokha, n'kuyamba kuterera ngati sopo. Chisisira chinali chikugwa pamene anayamba kutsetsereka phiri. Atangokhota pakona ina, anangoona ng'ombe zili mbwee, zikudutsa msewu.

Selestina anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse.

Gwe-gwe-gwe-gwe-gwe!

Chopondera chija chinamenya phazi lake kuchokera pansi, ngati pali munthu akuchikankha. Chiwongolero chinanjenjemera m'manja. Pansi pa galimoto panamveka kukukuta, ngati chigayo chikupera miyala. Selestina anachotsa phazi. Galimoto inathamangira ng'ombe zija. Anapondanso, chinthu chija n'kumumenyanso, koma ulendo uno sanasiye. Galimoto inaima mphuno yake itatsala pang'ono kugunda mchira wa ng'ombe yomaliza.

"Mayo ine!" anakuwa Christobel. "Asisi, mwathyola chiyani?"

 Selestina anatulutsa foni n'kuimbira Dyton, makaniko wa pa boma amene anaiyang'ana galimotoyo itangofika. Atamufotokozera, Dyton anaseka mpaka kutsokomola.

"Mayi, palibe chathyoka. Imeneyo ndi ABS. Galimoto za masiku ano zili ndi nzeru. Tayala likafuna kukhwekhwereza pamalo poterera, makinawo amagwira n'kusiya, kugwira n'kusiya, mofulumira kuposa phazi lanu. Phokosolo ndi ntchito imeneyo. Ikamanjenjemera musachotse phazi. Pondani basi, muziwongolera."

"Ndiye kuti siinawonongeke?"

"Yakupulumutsani. Ikanakhala pikapu ya abambo ija, bwenzi pano mukukambirana ndi mwini ng'ombe."

Mantha onse anasanduka chimwemwe. Selestina anafika pamalo owongoka, n'kuthamangitsa pang'ono, n'kuponda dala. Gwe-gwe-gwe-gwe! Onse atatu anafa nacho chikhakhali. Anabwerezanso kachiwiri. Christobel anapekerapo nyimbo pomwepo, kuti galimoto ya asisi imavina ngoma, ndipo amalume ankawomba m'manja.

Mdima unagwa ali pansi pa phiri. Mawawa analeka. Msewu unali wosalala, wouma, wopanda chotereretsa. Nyali za galimoto zinkangoonetsa mapesi mbali zonse ziwiri.

"Kumbuyo kuno kwazizira bwanji," anatero Christobel. "Komanso ndikumva kupanikizika. Mpando wonsewu ndili ndekha, koma ndikungokhala ngati ndili m'minibasi."

Selestina anafuna kumuseka. Asanatsegule pakamwa, anamva.

Go. Go. Go.

Phazi lake silinali pa buleki. Linali pa chopondera moto. Koma chopondera buleki chija, pambali pa chidendene chake, chinagwedezeka chokha katatu. Sikunali kunjenjemera kwachangu kuja. Uku kunali kugogoda kodekha, ngati kwa mlendo waulemu.

Panakhala bata.

Go. Go. Go.

Anaimika galimoto, n'kuthimitsa injini, n'kuzula kiyi. Anaimbiranso Dyton.

"Yayambanso," ananong'ona.

"Ndakuuzani kale mayi, mukaponda poterera..."

"Sindinaponde. Tamverani nokha."

Anatsitsira foni kumapazi. Go. Go. Go. Ataibwezera kukhutu, Dyton sankasekanso.

"Injini ikulira?"

"Ndathimitsa. Kiyi ali m'manja mwangamu."



"Mayi," anatero Dyton pang'onopang'ono, "ABS sigwira ntchito injini itazima. Chimenecho si cha ku galaja."

Foni inaduka.

Christobel anali atayamba kale Atate Wathu. Selestina anatembenukira kwa amalume ake kuti awafunse chochita, ndipo anaona kuti avula chipewa. Anachigwira pachifuwa ndi manja awiri. Milomo yawo inkawerenga.

"Katatu, n'kupuma. Katatu, n'kupuma," anatero. "Iwe Selestina, mlongo wako galimotoyi anaigula kwa yani?"

"Akuti kwa mkulu wina wopuma ntchito pamgodi. Inkangokhala pabwalo la mgodiwo."

A Yoramu anapumira m'mwamba. Selestina ankadziwa kuti amalume ake anagwirako ntchito kumigodi ya ku Joni ali mnyamata, koma zapansi pa nthaka sankazikamba. Usiku umenewo anakamba.

"Denga la mgodi linagwa m'mawa wina. Ine ndinali nditapita kukatenga chitsulo. Anzanga atatu a gulu langa anatsalira kuseri kwa mwala. Panali paipi ya madzi yodutsa pamenepo. Ankagogoda paipiyo kuti tidziwe kuti ali moyo. Katatu, n'kupuma. Ife tinkayankha kwinaku tikukumba. Masiku awiri. Lachitatu sanagogodenso, ndipo akuluakulu anatseka njirayo." Anatembenukira kumpando wa kumbuyo. "Mmodzi anali Mfundo, mnzanga wokulira limodzi. Kwawo ndi patsogolopa. Ine ndinabweretsa sutikesi yake ndi bulangete basi. Anthu analira maliro opanda mtembo."

Go. Go. Go.

A Yoramu anatambasula dzanja. Anapinda zala n'kugogoda pathabwa la kutsogolo kwawo. Katatu.

Yankho linabwera nthawi yomweyo. Galimoto yonse inanjenjemera, gwe-gwe-gwe-gwe, mpaka magalasi kulira, ngati galu amene wamva mawu a mbuye wake. Christobel anakwirira mutu m'chitenje.

"Mfundo," anatero a Yoramu, misozi ikutsika, koma nkhope ikumwetulira, "ndine Yoramu, mwana wa kwa aNangozo. Kuno ndi ku Ntcheu, mbale wanga. Wafika." Kenaka anamugwira Selestina pamkono. "Liza galimoto. Yenda pang'onopang'ono. Atiuza yekha potsikira."

 M'chifuwa mwa Selestina munali china chimene sanachimvepo chibadwire. Mtima unkagunda ngati ng'oma, tsitsi lili nyaunyau, komabe sankafuna kuthawa. Zaka makumi anayi munthu ali pansi pa mwala, ndipo mwa galimoto zonse za padziko wasankha yake! Analowetsa kiyi. Injini inalira.

Anayenda ngati akuperekeza mkwatibwi. Anadutsa kanjira koyamba. Zii. Anadutsa chigayo chotseka, mjigo, ndi katchalitchi ka njerwa zosawotcha. Zii. M'galimoto munayamba kumveka fungo la mwala wonyowa ndi thukuta lakale. Selestina sanayerekeze kuyang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Ankangomva mpweya wozizira ukumupuma pakhosi.

Atayandikira mphambano ina pamene panali mtengo wa mkuyu, chopondera buleki chinatsika chokha mpaka pansi. Matayala anakukuta timiyala. Galimoto inaima.

Chitseko sichinatseguke. Onse atatu amalumbira mpaka lero kuti sichinatseguke. Koma mbali ya kumanja ya kumbuyo inanyamuka pang'ono, monga imachitira galimoto munthu wolemera akatsika. Kenaka panja panamveka mapazi. Majombo. Phwa, phwa, phwa, pa timiyala. Anazungulira kutsogolo, kudutsa m'kuwala kwa nyali, koma m'kuwalamo munalibe munthu. Atalowa m'kanjira ka kumudzi, m'pamene anaona kanyali kamodzi, kofiirira, kali m'mwamba pa msinkhu wa chipumi cha munthu, ngati kamene amavala anthu a kumigodi. Kankagwedera uku ndi uku pakati pa mapesi, kakupita. Poyamba pang'onopang'ono. Kenaka mofulumira, ngati munthu waona denga la kwawo.

Agalu a m'mudzimo anauwa onse pamodzi. Kenaka onse pamodzi analeka.

"Wapita," anatero a Yoramu, n'kuvala chipewa chawo.

Selestina anayamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Christobel anavundukula mutu n'kuyamba nyimbo yothokoza, ndipo anaimba mpaka kukafika. Buleki sinagogodenso.

A Yoramu anawalangiza kuti asauze munthu mpaka chinkhoswe chithe. Koma pakamwa pa Christobel panalibe chitseko. Pofika m'mawa, amayi ophika kuseri kwa nyumba ankangonong'onezana, ndipo anthu ankaizungulira galimotoyo chapatali. Ena ankati ndi mabuleki a chizungu basi, amatero. Ena ankati mabuleki a chizungu savala majombo.

Chinkhoswe chinayenda bwino. A Yoramu anayankhula ngati munthu amene watula katundu, ndipo anavina mpaka jekete kunyowa. Dzuwa litapendeka, anthu akubalalika, panafika mayi wina wokalamba, wopanda nsapato, atakumbatira nkhuku yoyera. Anafunsa kuti mwini galimoto yofiira ndi uti. Atamulozera, anagwada pamaso pa Selestina.

"Ine ndine Pauline, mlongo wake wa Mfundo. Landirani kankhukuka. Zikomo potibweretsera achimwene."

"Wakuuzani ndani, amayi?" anafunsa Selestina, akuyang'ana Christobel.

"Sindinamve kwa munthu. Dzulo titangodya, chitseko chinagogodedwa katatu. Nditatsegula, panalibe munthu. Koma nditagona anabwera kutulo, ali mnyamata monga anachokera, fumbi lili mbuu kumaso. Anati, 'Pauline, ndabwera. Wanditsitsa pamkuyu ndi mayi woyendetsa bwino.'" Gogoyo anaseka, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anatsitsa mawu. "Anandituma ndikupempheni kanthu kena. Akuti anzake awiri aja sanatsike. Kwawo ndi ku Sharpevale. Akuti musaope, ndi anthu aulemu. Akuuzani okha potsikira."

Selestina anatembenuka pang'onopang'ono. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, ili phee. M'mawa womwewo anali atalonjeza kuti akatula akuchimuna kwawo mwambo ukatha, ndipo akuchimunawo anali a ku Sharpevale. Amayi a mkamwini anali atakhala kale kutsogolo, chikwama chili pamiyendo, akukupiza dzanja pawindo.

"Asewere, tiyeni kusanade!" anaitana. "Kumbuyoku akwere angati? Tilipo anayi."

Selestina anapatsira Christobel nkhuku ija. Anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kutulutsa kiyi.

"Kumbuyoko akwere mmodzi yekha," anatero. "Malo enawo ali ndi eni ake."