Mkanda Wopanda Kadzidzi

Anakumana pa shopu ya fotokope. Mtsikana wogwira ntchito pamenepo, Kamoto, monga ankamutchulira anzake chifukwa cha mtima wake wapachala, ankalimbana ndi pepala lokodwa m'makina pamene mmisiri wina wosula mphete ndi mikanda analowa ndi buku lakutha. Ankafuna tsamba limodzi lokha, lodzaza mbalame, njoka ndi mapazi.

Mtsikanayo anamufunsa ngati amaphunzitsa ku sukulu ya mkaka. Mmisiriyo anaseka, n'kunena kuti izo ndi zilembo za Aiguputo akale, ndipo m'tauni monsemo wodziwa kuziwerenga ndi iye yekha.

Chibwenzi chinayamba, ndipo patatha miyezi itatu mmisiriyo anamuveka mkanda wasiliva. Pa kachitsulo kake panali phazi, kamwa ndi mzere wa mafunde.

"Ili ndi dzina lako, njole yanga. Ndalemba Kamoto monga ankalembera akazi a mafumu. Wina wonga uwu kulibe."

Anamupempha kuti mwezi ukatha asiye ntchito, akwatirane, azikakhala limodzi kuseri kwa shopu yake. Kalata yosiya ntchito Kamoto analembadi, koma inangokhala m'chikwama. Mtima sunakhale m'malo. Bwanji foni ya bwenzi lakelo inkakhala yovundikira nthawi zonse? Nanga bwanji ankamuletsa kufika ku shopu Lachinayi?

Mkulu wake anati ndi nsanje chabe. "Munthu wakulemba pasiliva, ukufuna akulembe pamwezi?"

Kamoto sanali wongouzidwa. Makina a fotokope omwe anaphunzira yekha kuwamasula. Tsiku lililonse pa nkhomaliro anayamba kufufuza zilembozo pafoni, n'kumazijambula kumbuyo kwa mapepala owonongeka. Anapeza kuti zithunzi zambiri sizinena chinthu chojambulidwacho, zimangoimira kamvekedwe ka pakamwa. Dengu la chogwirira ndi k. Kadzidzi ndi m. Kabuledi ndi t. Zilembo ngati a ndi o sankazilemba n'komwe. Choncho dzina lake linkafuna dengu, kadzidzi ndi buledi.

Anavula mkandawo n'kuuyang'anitsitsa. Phazi ndi b, kamwa ndi r, mafunde ndi n. Panalibe chake ngakhale chimodzi!

Analembera mmisiriyo uthenga: "Wokondedwa, kadzidzi wanga ali kuti?"

Yankho linabwera patatha ola: "Kadzidzi ndi malodza, switi. Ndinamusiya dala kuti ndikuteteze."

"Nanga dengu ndi buledi, nazonso ndi malodza?"



Lachinayi masana Kamoto anakankha chitseko cha shopu ya mmisiri ija osagogoda. Munkanunkha gasi ndi chitsulo chotentha. Pa mpando panakhala namwino wina atavala yunifolomu, nsapato atavula ngati munthu wa pakhomo. Pakhosi pake panalendewera phazi, kamwa ndi mafunde. Pa tebulo, pambali pa mbaniro ndi tupa, panali chikombole chimodzi, ndi tizitsulo tina tisanu tofanana ndendende, tikuzizira.

Mwachangu mmisiriyo anauza namwinoyo kuti uyu ndi kamtsikana ka pa fotokope, kabwera kudzatenga mapepala.

Kamoto sanamuyang'ane n'komwe. Anapereka moni kwa namwinoyo mwaulemu, kenako n'kufunsa, "Achemwali, mkanda wokongolawu umati chiyani?"

Namwinoyo anaugwira monyadira. "Ndi dzina langa. Anandisulira ndekha. Tikukwatirana mwezi ukatha."

Kamoto anasolola wake m'kolala ya bulauzi, n'kuuika pafupi ndi wa mnzakeyo.

"Ndiye kuti ndife a dzina limodzi, achemwali. Ndipo anzathu ena asanu ndi awo akuzizira apo."

Mmisiriyo anayamba zakuti afotokoze, zakuti Chiiguputo n'chozama, sichimveka tsiku limodzi. Kamoto anamusonyeza kachitsuloko n'kumuuza awerenge chilembo chimodzi chokha, chilichonse chimene angakonde. Bamboyo anayang'ana phazi lija nthawi yaitali, kukamwa yasa.

Namwinoyo anali atayamba kuvala nsapato.

Kamoto anaponya mkandawo pa mulu wa anzake n'kutuluka. Misozi anaigwira mpaka pa siteji, koma sanadikire kuti iume. Nthawi ya nkhomaliro inali itatha, ndipo abwana ake sankakonda ochedwa.