Chala Chobiriwira

Chimene a Yobe anayamba kuona n'chakuti inki inkachepa m'botolo. Inali yobiriwira moderapo ngati tsamba la fodya wokhuta feteleza, ndipo anatumiza ndi mwana wawo Keziya kuchokera ku Lilongwe, pamodzi ndi peni ya nsonga yachitsulo, kuti bambo alembere makhadi a Khirisimasi. Koma mphatso ya mwana wam'tauni siibwera yokha. Keziya anawonjezera kuti chaka chikatha adzabwera kudzawatenga, poti munthu wamkulu sakhala yekha pakati pa minda ya ku Wimbe.

Chimwalirireni akazi awo a Lefina, nyumba inawakulira a Yobe, ndipo ankasungulumwa mpaka kumapatsa moni nkhuku. Kupita sankafuna, kutsala nakonso kunkawawa.

Madzulo amene anayesa inkiyo, peni inkatsetsereka bwino papepala. Analemba makhadi a abale, ndipo pambali pa dzina lawo ankasiya kampata osazindikira n'komwe. Kampatako kanali ka a Lefina. Mayiyo sanapiteko kusukulu, choncho chaka chilichonse ankaviika chala chachikulu mu inki n'kudinda pamenepo, akuseka kuti siginecha yawo palibe angaibe.

Usiku mvula inawaza pamalata n'kukata, kunja kunangotsala kulira kwa achule kudambo. Mumdima wa bii, a Yobe anamva chivindikiro cha botolo chikupotoka pang'onopang'ono pabalaza. Anadziuza kuti ndi khoswe, ngakhale khoswe wotsegula botolo anali asanamuonepo. M'mawa khadi lililonse linali ndi chala chobiriwira, chodulidwa pakati ndi kamzere koyera. Kamzereko anakadziwa. Kanali chipsera cha mpeni umene unawacheka a Lefina m'chigafa cha fodya, Keziya ali wakhanda.

Anatenga khadi limodzi kukaonetsa a Fainala, mng'ono wa malemuyo. Mayiyo anakokera chitseko kaye.

"Alamu, tandionetsani manja," ananong'ona. Manjawo analibe kadontho. "Musauze munthu. Anthu ayamba kale kunena kuti mumayankhula nokha. Keziya akamva izi, chaka chatsopano sachidikiranso."

"Koma chalachi mukuchidziwa?"

A Fainala anabweza khadilo osaliyang'ananso. "Ndikuchidziwa. Katayeni inkiyo m'chimbudzi."

Sanataye. Anatsekera botolo m'sutikesi, makiyi n'kugona nawo, koma usiku chivindikiro chinapotokabe. Zitatero anayamba kumasiya dala pepala la dzina lawo patebulo, ndipo m'mawa uliwonse chala chija chinkapezeka pamalo pake. Mantha anali nawo, zoona, koma analinso ndi chimwemwe chochititsa manyazi, cha munthu amene wapeza womuyankha. Anasiya kupita kumunda, ndipo udzu unayamba kupikisana ndi fodya.

Tsiku lina anadziona pagalasi, masaya atalowa, n'kuvomereza kuti mwana ananena zoona. Analembera Keziya mawu ochepa akuti abwere adzawatenge. Pambali pa dzina anasiyanso kampata.

Usiku umenewo achule anali chete. Chivindikiro chinapotoka, kenako panapita nthawi yaitali popanda phokoso lililonse, ngati wina akuyang'anitsitsa pepala limene sangathe kuliwerenga. Ndiyeno mapazi opanda nsapato anayenda pasimenti kulunjika kuchipinda. Fungo la inki linadzaza mphuno, ndipo bedi linatsika pang'ono mbali ya kukhoma, kumene palibe anagonako chichitikireni maliro. A Yobe anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu.

Kutacha, kampata ka pakalata kanali koyera. Zidindo za zala zobiriwira zinali pamkono pawo, zinayi pamwamba, chachikulu chachipsera pansi, monga agwirira munthu amene akukukaniza ulendo. Sopo analephera, mchenga nawonso unalephera.

Keziya atafika ndi galimoto, anapeza bambo ake atakhala pakhonde, atavala malaya a manja aatali ngakhale kunkatentha. Katundu anali asanamange.

"Adadi, tiyeni, mvula ingatipeze pamsewu."

A Yobe anasisita mkono wawo pang'onopang'ono.

"Sindipita, mwanawe," anatero motsitsa mawu. "Amayi ako sanadinde."